Kulemba nyimbo ya kwaya pa kompyuta ndi mapulogalamu aulere

Opeka nyimbo ambiri amene ndimakumana nawo kuno ku Mangochi, kaya ndi a makwaya a pa boma, a ku Malindi, a ku Namwera kapena a ku Monkey Bay, amasunga nyimbo zawo m'mutu ndi m'kope lasukulu momwe analembamo d, r, m ndi cholembera. Mutu umaiwala mzere wa tena pakatha miyezi iwiri, ndipo kope limadyedwa ndi chiswe, limanyowa m'dzinja, kapenanso limapita ndi munthu wobwereka amene sabweza. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kuti nyimbo yake ilembedwe mwaukhondo, imveke mawu onse anayi kwaya isanaiphunzire, ndiponso ifike kwa oimba pa foni popanda kulipira pulogalamu ina iliyonse. Dziwani kuyambira pano kuti kompyuta siipeka nyimbo. Imaimba ndendende zimene mwalemba, pamodzi ndi zolakwa zanu, ndipo phindu lake lagona pamenepo, chifukwa mumazimva zolakwazo muli nokha m'nyumba, musanaime pamaso pa anthu makumi atatu.

Yambani ndi kupeza pulogalamu yoyenera kompyuta yanu. Imene ndikufotokoza pano ndi MuseScore, imene Werner Schweer wa ku Germany anayamba kuilemba mu 2002. Mtundu wake wachinayi unatuluka mu Disembala 2022, ndipo masiku ano ikutchedwa MuseScore Studio. Chilolezo chake, chotchedwa GPL, chimalola munthu aliyense kuigwiritsa ntchito ndi kuigawira anzake, kotero kuti munthu mmodzi akaitsitsa pa intaneti angathe kuiika pa fulashi n'kuipereka kwa aphunzitsi a makwaya onse a m'dera lake popanda kuphwanya lamulo. Zimenezi n'zosiyana ndi mapulogalamu ogulitsa amene anyamata amathyola n'kukuikirani, amene nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi.

Pali masamba awiri a mayina ofanana amene amasokoneza anthu. Pulogalamu yaulereyi imapezeka pa musescore.org, pamene musescore.com ndi malo amene anthu amaikapo nyimbo zawo ndipo zinthu zina kumeneko n'zolipira. Pa tsamba loyambalo sankhani kutsitsa pulogalamu yokha popanda Muse Hub, imene ndi pulogalamu ina yotsitsira zowonjezera. Pulogalamu yokhayo ndi ya mamegabaiti pafupifupi 100, koma mawu a zida otchedwa Muse Sounds amadya magigabaiti angapo, bandulo n'kutha, chonsecho wolemba nyimbo ya kwaya sakuwafuna. Mtundu wachinayi umafuna Windows 10 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Ngati laputopu yanu ndi yakale ya Windows 7, funani MuseScore 3.6.2, imene imagwira bwino ntchito yonse imene ndikufotokozayi, ngakhale kuti mabatani ena ali pamalo osiyana pang'ono. Tsitsaninso Audacity, pulogalamu yaulere yojambulira mawu imene Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg anayambitsa ku yunivesite ya Carnegie Mellon ndipo inatulutsidwa mu 2000.

Musanatsegule kompyuta, imbani nyimboyo ndi pakamwa ndipo muijambule pa foni. Gawo limeneli anthu amalidumpha, ndipo zotsatira zake zimamveka: munthu amene wayambira pa sikirini amalemba manoti amene ndi osavuta kulemba, nyimbo n'kutuluka yowuma, yosiyana ndi imene inali kumuimbira m'mutu pamene ankapalasa njinga kuchokera kumsika. Imbani kawiri kapena katatu mukuomba m'manja kapena kugunda phazi, kuti mudziwe ngati kugundako kukuyenda kuwirikuwiri, kutatukutatu kapena kunayikunayi. Ngati pali malo othamanga amene simukuwagwira bwino, tsegulani zojambulazo mu Audacity ndipo mugwiritse ntchito Change Tempo, imene ili pansi pa Effect, chifukwa imachepetsa liwiro popanda kutsitsa mawu. Mafoni ena amasunga zojambula ngati m4a, ndipo Audacity imafuna kachidutswa kena kotchedwa FFmpeg kuti itsegule mafailo oterowo. Nakonso n'kaulere.

Mukatsegula MuseScore, sankhani New score, kenaka pitani pa Create from template, ndipo pansi pa Choral mutenge SATB. Imeneyi imakupatsani magulu anayi a mizere isanuisanu, la sopulano, la alito, la tena ndi la besi. Palinso SATB Closed Score imene imapanikiza mawu anayiwo pa magulu awiri monga mmene zimakhalira m'mabuku a nyimbo a m'tchalitchi, koma wophunzira asayambe nayo, chifukwa kulemba mawu awiri pa mizere imodzimodzi kumavuta. Tsamba lotsatira likufunsani kiyi, kagawidwe ka mabiti, liwiro, mutu wa nyimbo ndi dzina la wopeka.

Apa ndi pamene ife amene tinakulira pa solofa tiyenera kukhazikika, chifukwa tikamvetsa pano zotsalazo n'zopepuka. Solofa imene timaimbayi inafalitsidwa ndi John Curwen ku England m'zaka za m'ma 1800, potengera njira ya Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo inafika kuno ndi amishoni. M'njira imeneyi d amasuntha malinga ndi kiyi, pamene pa mizere isanu noti iliyonse ili ndi dzina lake losasintha, kuyambira A mpaka G. Mawu aja amene timalemba pamwamba pa tsamba akuti Doh is G ndiwo kiyi imene MuseScore ikufunsa. Mu kiyi ya G, d ndi G, r ndi A, m ndi B, f ndi C, s ndi D, l ndi E, ndipo t ndi F yokwezedwa. Mu kiyi ya F, d ndi F, r ndi G, m ndi A, f ndi B yotsitsidwa, s ndi C, l ndi D, ndipo t ndi E. Lembani mndandanda woterewu pa kapepala ka kiyi imene mwasankha ndipo mukamate m'mbali mwa sikirini. Pakatha nyimbo zitatu simudzakayang'ananso. Za kukweza ndi kutsitsazo musade nazo nkhawa, chifukwa mukasankha kiyi ya G ndi kudina F, pulogalamu imaika yokha F yokwezedwa.

Utali wa noti nawo umamasulirika molunjika. Mu solofa, timadontho tiwiri timalekanitsa biti ndi inzake, kadontho kamodzi kamagawa biti pakati, kamzere kamatanthauza kuti noti ikupitirira, ndipo malo opanda kanthu ndi mpumulo. Mu MuseScore utali umasankhidwa ndi manambala. Pa nyimbo za 2/4, 3/4 ndi 4/4, nambala 5 ndi biti imodzi, 4 ndi theka la biti, 3 ndi theka la thekalo, 6 ndi mabiti awiri, ndipo 7 ndi mabiti anayi. Batani la kadontho limawonjezera theka la utali umene mwasankha, kotero kuti 6 ndi kadontho ndi mabiti atatu. Nambala 0 imaika mpumulo.

Tiyese ndi mzere umodzi. Mawu ake ndi akuti "Mwera ukaomba pa nyanja", kiyi ndi G, ndipo mabiti ndi atatu m'chipinda chilichonse (chipinda ndi gawo la pakati pa timizere tiwiri toimirira), ndiye kuti 3/4. M'kope ndikanalemba chonchi:

| m : m : r.m | s : m : d | r : d : - |

Dinani pa chipinda choyamba cha sopulano, kenaka dinani N kuti mulowe m'kulemba manoti. Lamulo ndi lakuti utali umayamba, dzina la noti limatsatira. Dinani 5, kenaka B ndi B. Dinani 4, kenaka A ndi B. Bwererani pa 5, ndipo mudine D, B, G, A. Pomaliza dinani 6 ndi G. Tulukani ndi Esc ndipo mudine Space kuti mumve. Pulogalamu imaika noti iliyonse pafupi ndi imene yangolembedwa, choncho ngati mumafuna s wapansi koma yaika wapamwamba, gwirani Ctrl ndi kudina muvi woloza pansi, ndipo notiyo itsika ndi okitevi yathunthu. Muvi wokhawokha, popanda Ctrl, umakweza kapena kutsitsa noti ndi theka la sitepe, ndipo ndi umene mudzagwiritse ntchito polemba fe kapena ta. Mukalakwitsa, Ctrl ndi Z zimabweza. Zipinda zikatha, Ctrl ndi B zimawonjezera china kumapeto. Mbewa ingathe kuika manoti, koma imachedwetsa kwambiri, ndipo ndi bwino kuzolowetsa zala mabataniwa kuyambira tsiku loyamba.

Kwa oimba amene sawerenga mizere isanu pali chithandizo chimene ambiri sachidziwa. Dinani batani lakumanja la mbewa pa mizereyo, sankhani Staff/Part properties, lowani mu Advanced style properties, ndipo pa Notehead scheme musankhe Solfège movable do. Mutu wa noti iliyonse udzalembedwa dzina lake la solofa mkati mwake. Zilembozo ndi zazing'ono, ndipo sizilowa m'malo mwa solofa ya m'buku yokhala ndi timadontho take, koma mukakulitsa tsamba posindikiza zimawerengeka, ndipo oimba amayamba kuzolowera mizere osazindikira.

Tsopano mawu a nyimbo. Dinani noti yoyamba, kenaka Ctrl ndi L. Lembani "Mwe", dinani kamzere kodulira mawu kuti mupite pa noti yotsatira, lembani "ra", ndipo popeza liwu latha dinani Space. Pitirizani ndi u-ka-o-mba, pa, nya-nja. Phatikizo limodzi likamakokedwa pa manoti angapo, dinani kamzere kapansi pa noti iliyonse yowonjezerayo. Dulani mawu monga mmene timawatchulira, podziwa kuti maphatikizo a Chichewa, ndi a Chiyao omwe, amathera pa lembo la liwu: Mu-lu-ngu, osati Mul-un-gu, ndipo mb, nd, ng ndi nj zimayamba phatikizo, sizilitseka. Chosiyana ndi m wa m'mawu monga "m'dziko" kapena "mtima", amene ndi phatikizo payekha. Muyenera kusankha ngati mumupatsa noti yakeyake yaifupi kapena oimba amumezera m'phatikizo lotsatira, ndipo chimene mwasankhacho chilembedwe mofanana m'mawu onse anayi, kupanda kutero sopulano ndi besi adzafika pa liwu lotsatira nthawi zosiyana.

Chofunika kuposa zonsezi ndi pamene mawu akutsamira. M'chinenero chathu liwu limatsamira ndi kutalika pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo phatikizo limenelo ndi limene liyenera kugwera pa biti yamphamvu, yoyamba m'chipinda. Onani mmene "Mwe", "o" ndi "nya" agwera kumayambiriro kwa zipinda mu chitsanzo chija. Mzere wachiwiri, wakuti "Ambuye tiwolotseni", umatsamira pa "mbu" ndi pa "tse", choncho "A" ayenera kulowa pa biti yomaliza ya chipinda cham'mbuyo, ndiye kuti "nja" mumufupikitse akhale biti imodzi kuti "A" apeze malo. Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Ndinaika "A" pa biti yamphamvu chifukwa tsamba linkaoneka lolongosoka, ndipo kompyuta, imene sidziwa Chichewa, inaimba mosadandaula. Madzulo ake, titabwereza mzerewo kanayi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, mayi wina wachikulire wa alito anatsitsa pepala lake nati, "Aphunzitsi, nyimbo ndi yabwino, koma tikuimba ngati alendo ophunzira chinenero." Ndinabwerera kunyumba kukasuntha mzere wonse ndi biti imodzi. Ngati nyimbo yonse ikuyamba ndi phatikizo lofooka lotere, chongani Pickup measure pa tsamba lija lofunsa kiyi, ndipo mupereke utali wake. Samalaninso kukwera ndi kutsika kwa mawu, poti Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kamvekedwe, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Njira yodalirika ndiyo kuyankhula mzerewo mokweza kangapo ndi kuona ngati maimbidwe akutsata njira imene mawu akuyenda.

Sopulano ikatha, lembani besi musanakhudze alito ndi tena. Besi ndiyo maziko, ndipo m'nyimbo zambiri za makwaya athu imayenda pa d, f ndi s, kukhudzako l ndi r apo ndi apo. Mverani mawu awiriwa okha. Ngati sakukoma ali awiri, kuwonjezera ena sikudzawakonza. Kenaka ikani alito pafupi pansi pa sopulano, ndipo tena adzaze noti imene yasowa, mosamala kuti asamalumphelumphe. Mizere ya tena ili ndi kanambala 8 pansi pa chizindikiro chake, kusonyeza kuti imamveka okitevi imodzi pansi pa mmene yalembedwera, ndipo pulogalamu imadziwa kale zimenezi. Pa nyimbo za mtsogoleri ndi ovomera, zimene ndi zochuluka kwathu kuno, wonjezerani mizere ina ya woyambitsa kudzera pa batani la I, ndipo mawu enawo muwapatse mipumulo mpaka pamene akuvomera. Mzere wobwerezabwereza musaulembe kawiri: sankhani zipindazo ndi kudina R.

MuseScore imapaka mtundu manoti amene apitirira malire a liwu, wachikasu woderako ngati ndi ovuta kwa woimba wamba ndi wofiira ngati apitiriratu. Chenjezo limeneli ndi lothandiza, koma malire enieni ndi a anthu amene muli nawo. Ngati asopulano anu ndi amayi amene amakuwa akafika pa F wapamwamba, tsitsani nyimbo yonse. Pitani pa Tools, sankhani Transpose, ndipo musinthe kiyi kuchoka pa G kupita pa F. Ntchito imene pa bolodi ikanatha ola imatha m'kanthawi kochepa, koma mukatero yang'anani besi, chifukwa chimene mwapulumutsa kumwamba mungachitaye pansi.

Pa nkhani ya ng'oma maganizo anga ndi akuti musavutike nazo kwambiri. Mungathe kulemba kagundidwe ka beni kapena ka manganje pa mizere ya ng'oma, ndipo nthawi zambiri mudzapeza kuti kakukwana bwino mu 6/8 kapena 12/8 kusiyana ndi 4/4, koma kompyuta imakagunda mowongoka ngati wotchi, popanda kutsogola ndi kutsalira pang'ono kumene kumadzutsa anthu kuti avine. N'chimodzimodzi ndi kutsetsereka kwa mawu kumene kumamveka mu sikiri ndi mu kasida, ndiponso manoti a nyimbo zamakolo amene sagwera ndendende pa mabatani a kiyibodi. Lembani mafupa a nyimboyo, ikani mawu ofotokoza pamwamba pa mizere pogwiritsa ntchito Ctrl ndi T, ndipo musunge zojambula za oimba enieni m'foda imodzi ndi failo ya manoti. Amene akufuna kupanga mabiti ovinira angayese LMMS, imene nayonso ndi yaulere, koma siisindikiza manoti oti kwaya iwerenge.

Sungani ntchito yanu ndi Ctrl ndi S mukamaliza mzere uliwonse. Magetsi amazima osatsanzika, ndipo malaputopu ambiri amene tili nawo batire yake inafa kale. Pulogalamu imasunga yokha pakapita mphindi zingapo, koma ine ndinatayapo kolasi yathunthu chifukwa chodalira zimenezo. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala musaike laputopu pa matiresi kapena pa mkeka, koma pa tebulo, mutaikweza pang'ono kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, poti kutentha kwa kunyanja kuno kumaizimitsa pakati pa ntchito. Failo ya MuseScore imathera ndi mscz ndipo ndi yaing'ono kwambiri, choncho ikani ina pa fulashi ndipo ina mudzitumizire nokha pa imelo kapena pa WhatsApp. Failo yosungidwa ndi mtundu wachinayi siitseguka mu mtundu wachitatu. Potumizira mnzanu wa kompyuta yakale, kapena wogwiritsa ntchito pulogalamu ina, itulutseni ngati MusicXML.

Chotsatira ndi kufikitsa nyimbo kwa oimba. Pitani pa File, kenaka Export, ndipo musankhe PDF kuti mukasindikize. Sindikizani tsamba limodzi loyamba ndi kuliwerenga mutaliika patali ngati mmene woimba amagwirira pepala, musanalipire mafotokope makumi atatu. Pa zomvera, tsegulani Mixer ndi F10. Sinthani mawu a kwaya amene pulogalamu imayamba nawo, aja ongoti "aaa", muike piyano, chifukwa piyano imaonetsa bwino pamene noti ikuyambira. Kwezani alito, tsitsani ena atatuwo kuti azimveka chapatali, ndipo mutulutse MP3. Chitani chimodzimodzi ndi tena, besi ndi sopulano, kuti pakhale mafailo anayi, ndi yachisanu ya onse pamodzi. Musawazimitsiretu mawu enawo, chifukwa woimba amene waphunzira mzere wake payekhayekha amasochera akangomva anzake. MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi megabaiti imodzi pa mphindi, ndiye kuti nyimbo ya mphindi zitatu siilemera pa gulu la WhatsApp la kwaya. Popeza kompyuta siitchula mawu, ndi bwino kutsegula MP3 imeneyo mu Audacity, kuvala mahedifoni, ndi kujambula liwu lanu pamwamba pake mukuimba mawu enieni. Oimba amene sawerenga amathandizika kwambiri ndi zimenezi.

Pa tsamba lililonse palembedwe dzina la wopeka maimbidwe, la wolemba mawu ngati ndi wina, ndi chaka. Malo ake ali pansi pa File mu Project properties, ndipo zimene mwalemba pa Copyright zimatuluka m'munsi mwa tsamba. Ngati nyimboyo ndi yamakolo imene mwangoisanja m'mawu anayi, nenani choncho, ndipo musadzitche wopeka. Ngati ndi ya munthu wina, mupempheni musanaigawe. Bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso m'dziko muno ndi COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo lamulo limene likugwira ntchito pano ndi la 2016. Wopeka amene nyimbo zake zayamba kuimbidwa pa wailesi ayenera kukalembetsa kumeneko, ndipo PDF yokhala ndi dzina ndi chaka imamuthandiza posonyeza kuti ntchitoyo ndi yake.

Pa tsiku lophunzitsa tengani pepala limodzi lanulanu ndi pensulo. Chongani paliponse pamene oimba apuma mpweya pamalo amene simunayembekezere, pamene abesi asintha noti okha kawiri konse, ndi pamene mawu awakola pakamwa. Abesi akasintha noti mogwirizana osauzana, kawirikawiri khutu lawo lapeza njira yabwino kuposa yanu, ndipo muyenera kuiyesa pa kompyuta usiku womwewo. Konzani failoyo, isungeni ndi dzina latsopano lokhala ndi nambala, monga mwera-2, ndipo mutumize MP3 zatsopano ku gulu pamodzi ndi uthenga wouza oimba kuti afufute zakale.